Aulutsi Ochuka a Mpira ndi a Mapulogalamu Okambirana m'Zambia: Ndani Ali Patsogolo?

Anthu okonda wailesi m'dziko muno akayamba kutsutsana za muulutsi amene anaposa anzake onse, mkangano wa malo oyamba sucedwa kutha. Dzina la malemu a Dennis Liwewe likangochulidwa, ambiri amabvomera. Phokoso limabuka pa malo aciwiri ndi acitatu, cifukwa pamenepo munthu wa ku Lusaka, wa ku Kitwe ndi wa ku Chipata aliyense amabwera ndi dzina lakelake, ndipo nthawi zina dzina limene wina alichula ndi ulemu waukulu mnzake sanalimvepo n'komwe.

Cimene cimabvuta n'cakuti kuchuka kwa muulutsi kulibe muyeso umodzi. Wina analankhula Cingelezi ndipo anamveka dziko lonse, wina analankhula Cinyanja kapena Cibemba ndipo anamveka m'zigawo ziwiri kapena zitatu zokha, koma m'zigawo zimenezo anali ngati wacibale m'nyumba iliyonse. Wina anagwira nchito pamene dziko linali ndi nyumba imodzi ya wailesi, wina akugwira pamene nyumba za wailesi zapitirira 100. Motero muyeso wabwino ndi zimene omvetsera anacita atamva mau a munthuyo: ngati anasiya nchito kuti amumvere, ngati anamulembera makalata, ngati ana anayamba kumutsanzira m'miseu, ndiponso ngati olamulira anachera khutu. Mndandanda uli m'munsiwu watsata muyeso umenewu.

Malo oyamba: a Dennis Liwewe

A Liwewe anabadwa pa 10 January 1936 ku Nyasaland, dziko limene tsopano ndi Malawi, ndipo anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira nchito ku cigawo ca migodi. Anayamba ngati mtolankhani wa nyuzipepala ya mgodi wa Nchanga ku Chingola, ndipo anapitiriza kugwira nchito yofalitsa nkhani za migodi kufikira atapuma mu 1986. Ambiri amaiwala kuti kuulutsa mpira sinali nchito yao ya tsiku ndi tsiku. Koma migodi ndiyo inawaika pafupi ndi mpira, pakuti masiku amenewo matimu akuluakulu monga Nchanga Rangers, Mufulira Wanderers, Roan United ndi Rhokana United, imene pambuyo pake inachedwa Nkana, anali m'manja mwa makampani a migodi. Osewera amene a Liwewe anali kuwachula pa wailesi anali anthu amene anali kuwadziwa, kudziwa kumene anacokera ndi nchito imene anali kugwira mkati mwa sabata.

Anali kuulutsa m'Cingelezi, koma munthu wosadziwa Cingelezi sanali kusowa kanthu. Mpira ukakhala pakati pa bwalo mau anali kuyenda mwakacetecete, ukayandikira golo ya adani mau anali kukwera ndi kuthamanga mpaka kutsala maina a osewera okhaokha, wina pambuyo pa mnzake, ndipo cigoli cikalowa kukuwa kwao kunali kumveka ngati wailesi ifuna kung'ambika. Sanali kubisa mbali imene anali. Timu ya dziko ikasewera, a Liwewe anali mmodzi wa ocemerera, ndipo ikagonja cisoni cinali kumveka pakhosi pao. Ophunzitsa utolankhani angathe kunena kuti muulutsi sayenera kukondera motero, koma omvetsera anali kufuna cimeneco. M'nyumba zimene munali wailesi ya kanema, cinali cizolowezi kutsitsa mau a kanema ndi kutsegula wailesi ya mau kuti cithunzi ciyendere limodzi ndi a Liwewe. Ana osewera cimpombwa m'makomboni anali kudziulutsa okha potsanzira mau ao.

Ndiwo anapatsa timu ya dziko dzina lakuti KK 11, potengera zilembo za dzina la mtsogoleri woyamba wa dziko lino a Kenneth Kaunda, amene anali wokonda mpira kwambiri. Mu 1977 a Kaunda anawapatsa mendulo ya ulemu ya Order of Distinguished Service. Dzina la KK 11 linazimirira a Kaunda atagonja pa masankho a 1991, ndipo la Chipolopolo linatenga malo, koma kwa zaka zambiri dziko lonse linali kuchula timu yake ndi dzina lopekedwa ndi muulutsi mmodzi. Analinso kutumiza nkhani za masewera ku wailesi ya BBC, kotero kuti mau ao anadziwika kunja kwa malire a Zambia.

Muulutsi wa mpira amakula ndi timu imene akuulutsa, ndipo a Liwewe anapeza nyengo yodzala ndi nkhani. Mu 1972 Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anamwetsa zigoli 107 m'caka cimodzi. Mu March 1974 Zambia inafika mu ndime yomaliza ya cikho ca maiko a mu Africa ku Cairo, nilepherana ndi Zaire zigoli 2 kwa 2, ndipo pobwereza masewerawo patapita masiku awiri inagonja 2 kwa 0. Mu September 1988, pa masewera a Olimpiki a ku South Korea, Zambia inacapa Italy 4 kwa 0, Kalusha Bwalya namwetsa zitatu. Mu 1991 Power Dynamos inatenga cikho ca mu Africa ca matimu opambana zikho m'maiko ao. Munthu wa ku Katete kapena ku Lundazi sanaone ndi maso zambiri mwa zimenezi. Anazimva pa wailesi, ndipo m'maganizo mwake mpira wa nyengo imeneyo ndi mau a Liwewe n'cinthu cimodzi.

Kenaka kunadza usiku wa pa 27 April 1993, pamene ndeke ya asilikali a m'mlengalenga yonyamula timu ya dziko inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville m'dziko la Gabon, pa ulendo wopita ku Senegal. Anthu onse 30 anamwalira, 18 mwa iwo osewera, pamodzi ndi aphunzitsi a timu a Godfrey Chitalu ndi a Alex Chola. Awa anali maina amene a Liwewe anawachula kosawerengeka, ena kuyambira ali anyamata. Timu yatsopano inafika mu ndime yomaliza ya cikho ca mu Africa ku Tunisia mu 1994, nigonja kwa Nigeria 2 kwa 1. Cikho ceniceni cinabwera pa 12 February 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, pamene Zambia inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8 kwa 7. A Liwewe anaciona cikhoco ali moyo. Anamwalira ku Lusaka pa 22 April 2014 ali ndi zaka 78, kutatsala masiku asanu kuti dziko likumbukire zaka 21 za ngozi ya ku Gabon. Mwana wao, a Ponga Liwewe, anatsata mapazi ao m'nkhani za mpira ndipo anakhalapo mlembi wamkulu wa bungwe la FAZ.

Pali cina cimene ciyenera kunenedwa poyera, ndipo sicicepetsa luso lao. A Liwewe analibe wopikisana naye pa mphepo. Kufikira mu 1994 dziko linali ndi nyumba imodzi yokha youlutsa mau, wailesi ya kanema inali kufika makamaka m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, ndipo kumudzi cuma ca Loweruka masana cinali mabatire. Ngakhale dzina losereula la Chitalu, lakuti Ucar, linacokera ku mtundu wa mabatire. Muulutsi wa lero angakhale ndi luso lofanana nalo, koma sadzapezanso dziko lonse litazungulira wailesi imodzi.

Malo aciwiri: a Alick Nkhata

Ena angadabwe kuona dzina ili pano, poti ambiri amawakumbukira ngati woimba. Koma nchito yolankhula ndi anthu akuda pa wailesi m'cinenero cao inayamba ndi m'badwo wao. Kuulutsa mau kunayamba ku Lusaka mu 1941, makamaka pofuna kufalitsa nkhani za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha, nyumba ya Central African Broadcasting Station inayamba kuulutsa kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Bvuto linali lakuti anthu analibe mawailesi. Mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa ka mabatire kopangidwa ndi kampani ya Ever Ready, kooneka ngati poto wophikira, kamene kanachedwa Saucepan Special, ndipo kanagulidwa zikwizikwi. Pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, youlutsa nyimbo ndi moni wocokera m'makalata, inali imodzi ya zokondedwa kwambiri, pakuti munthu wogwira nchito ku migodi anali kutha kupereka moni kwa makolo ake kumudzi.

A Nkhata, amene anabadwa mu 1922, anamenya nawo nkhondo ku Burma, anagwirako nchito ndi a Hugh Tracey yojambula nyimbo za makolo, kenaka analowa nchito ya wailesi nakwera kufika pa maudindo akuluakulu. Kuchuka kwa aulutsi oyambawo kunali ndi mtengo wake. M'nyengo ya mkangano wa citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ca m'ma 1953, mphekesera zinawanda zakuti aulutsi ena ndi banyama, anthu ogwira anzao usiku, cifukwa anali kuwerenga nkhani za boma la atsamunda. Nkhani imeneyi inalembedwa ndi a Peter Fraenkel m'buku lao la Wayaleshi la mu 1959. A Nkhata anaphedwa mu October 1978 pafupi ndi famu yao ku Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a Zimbabwe. Mseu umene uli ndi likulu la ZNBC ku Lusaka umachedwa ndi dzina lao.

Nyengo ya makalata

Lamya zisanafale, pulogalamu yokambirana inali kuyenda ndi kalata ndi sitampa. Pa nchito imeneyi palibe anaposa a David Yumba, amene anayendetsa pulogalamu ya Cibemba ya Kabusha Takolelwe Bowa kwa zaka zoposa 20 kufikira imfa yao mu 1990. Dzinali ndi mwambi wonena kuti munthu wofunsa sadya bowa wakupha, wofanana ndi wathu uja wakuti safunsa anadya phula. Anthu anali kulemba za maukwati, za cuma ca masiye, za nchito, za abale obvuta ndi za kayendetsedwe ka dziko, ndipo a Yumba anali kuyankha ngati mkulu wa pabwalo, kulangiza, kuseka, ndi kudzudzula wolemba kalatayo ngati ndiye wolakwa. M'dziko la cipani cimodzi, m'mene mafunso ambiri analibe kopita, kalata yopita kwa a Yumba inali khomo lotseguka. Malo acitatu ndi ao.

Ku mbali ya Cinyanja, dzina la nyengo imeneyo ndi a Julius Chongo a pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, imene inachuka m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Kunena zoona, iyi sinali pulogalamu yoyankha mafunso. Inali ya nthano ndi nkhani zopeka. Koma a Chongo anali kucita zimene muulutsi aliyense wokambirana amalakalaka: munthu mmodzi pa colankhulira, kusintha mau kukhala nkhalamba, mwana, mfumu kapena Kalulu, ndi Cinyanja codzala ndi miyambi ndi mau ofanizira, mpaka banja lonse kukhala cete. Nkhani zao zambiri zinali kukhudza moyo wa masiku omwewo, za munthu wopita ku tauni, za dyera, za ufiti, za kusakhulupirika. Analembanso buku lochedwa Fumbi Khoboo! Wina akafunsa akuluakulu a ku Chipata, Petauke kapena Matero za mau amene amawakumbukira, dzina la a Chongo silicedwa kutuluka, ndipo ena amaliika pamwamba pa a Liwewe amene. Pa mndandanda wolembedwa m'Cingelezi ku Lusaka kawirikawiri silioneka.

Wailesi ya boma, imene inachedwa Zambia Broadcasting Services kuyambira mu 1966 ndi kusanduka ZNBC potsatira lamulo la mu 1987, imagawa nthawi ya Radio 1 pakati pa zinenero zisanu ndi ziwiri: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Kagawidwe kameneka kamatanthauza kuti muulutsi wa cinenero cimodzi amakhala ndi maola ocepa pa sabata, pamene wa Cingelezi ali ndi Radio 2, Radio 4 ndi kanema. Kusiyana kwa kuchuka kumayambira pamenepa, luso lisanayesedwe n'komwe.

Lamya italowa m'nyumba ya wailesi

Boma la MMD litatsegula mphepo, Radio Christian Voice inayamba mu 1994, ndipo mu 1996 a Errol Hickey anatsegula Radio Phoenix ku Lusaka, wailesi yoyamba ya malonda yosakhala ya boma. Pulogalamu yake ya Let the People Talk inasintha zinthu. Nduna kapena mtsogoleri wa cipani anali kukhala m'cipinda coulutsira, ndipo munthu wamba anali kutuma lamya ndi kumufunsa mwacindunji, dziko likumva. Mkangano wa mu 2001 wofuna kuti a Frederick Chiluba aimenso kacitatu unamveka kwambiri pa mawailesi otere, ndipo a Michael Sata, pa zaka khumi zimene anakhala ku mbali yotsutsa asanapambane mu 2011, anadziwa bwino kugwiritsa nchito colankhulira ca wailesi.

Pa aulutsi a mtundu uwu, dzina lokhalitsa ndi la a Frank Mutubila, amene anayamba pa wailesi ya boma ca m'ma 1970, nadziwika ndi mapulogalamu a Kwacha Good Morning Zambia ndi Frank Talk, nayendetsakonso Let the People Talk, ndipo pambuyo pake anatumidwa kukaimira dziko lino ku Italy. Ndi ocepa amene anafunsa mafunso atsogoleri a maboma osiyanasiyana kwa zaka zoculuka cotero, ndipo cifukwa ca ici malo oyamba pakati pa ofunsa mafunso a ndale amawayenera. Pambuyo pao pamabwera maina odziwika makamaka pa kanema, monga a Costa Mwansa, amene anachuka ndi The Assignment pa Muvi TV, ndi a Grevazio Zulu a Sunday Interview pa ZNBC. Owerenga nkhani monga a Charles Mando, a Kenneth Maduma ndi mai Maureen Nkandu, amene anakagwiranso nchito ku SABC ndi ku BBC, amachulidwa kawirikawiri m'mikangano yotere, ngakhale kuti nchito yao inali ya mtundu wina.

Cimene cimasiyanitsa nyengo ya lamya ndi ya makalata n'cakuti pulogalamu inayamba kuchuka koposa woiyendetsa. Let the People Talk yakhala ndi oyendetsa osiyanasiyana, ndipo omvetsera ambiri amakumbukira mlendo amene anapanikizidwa kapena wotuma lamya amene anakwiya, osati amene anali kugawa nthawi. Panabukanso gulu la anthu otuma lamya tsiku ndi tsiku, odziwika ndi maina ao ndi makomboni ao, ena ochuka ngati aulutsi eni ake. Ambiri a iwo ndi amuna a m'tauni okhala ndi ndalama za talktime. Mai wa kumudzi amene wailesi ili pambali pake pamene akusenda nshawa amamvetsera zonse, koma mau ake samveka kawirikawiri. Tsono wopima kuchuka powerenga lamya zolowa amapima mbali imodzi cabe ya omvetsera.

Nchitoyi ili ndi zoopsa zimene muulutsi wa mpira sakumana nazo. Lamulo lokhazikitsa bungwe loyang'anira mawailesi la IBA linapangidwa mu 2002, koma bungwelo linayamba kugwira nchito mu 2013. Mu August 2016, masankho atangotha, linaimitsa ziphaso za Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi kwa kanthawi. Mu 2020 ciphaso ca Prime TV cinalandidwa, ndipo kanemayo inabwerera mu 2021 boma litasintha. M'caka comweco ca 2020, mapulogalamu ena a mawailesi a m'cigawo ca Muchinga anasokonezedwa pamene atsogoleri otsutsa anali kulankhula. Muulutsi wa wailesi yaing'ono ya m'boma lakutali, amene amadziwa kuti anyamata a cipani angathe kufika pakhomo pulogalamu isanathe, saoneka pa mndandanda uliwonse wa anthu ochuka, cikhalireco kulimba mtima kwake n'kwakukulu koposa kwa anzake a mumzinda.

Gogo Breeze ndi mawailesi a kum'mawa

Kwa omvetsera a Cinyanja, dzina lalikulu la nyengo ya mawailesi ambiri ndi la Gogo Breeze, a Peter Grayson Nyozani Mwale, a wailesi ya Breeze FM ku Chipata. Wailesiyi inakhazikitsidwa ndi a Mike Daka kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, m'cigawo cimene mulinso Radio Maria ku Chipata, Radio Chikaya ku Lundazi ndi ena. A Mwale anali mphunzitsi asanalowe nchito ya wailesi, ndipo anadzitengera udindo wa agogo, omvetsera onse nakhala adzukulu, ngakhale mafumu ndi akuluakulu a boma.

Njira yao inabwezera kalata pa malo ake. Anthu anali kulemba za malipiro osaperekedwa, za feteleza wocedwa kapena wosoweka, za mitengo ya thonje, za minda yolandidwa, za mabanja. Agogo anali kuwerenga, kuyankha ndi miyambi, ndipo nthawi zambiri sanali kuthera m'cipinda coulutsira. Anali kunyamula cojambulira mau ndi kupita kumsika, kumudzi kapena ku ofesi yodandaulidwayo kukamva mbali inayo. Udindo wa ugogo unali kuwalola kunena zimene mtolankhani wacinyamata sakanatha kunena kwa bwana popanda kuoneka wamwano, ndiponso kudzudzula wodandaula amene wabisa mbali ya nkhani. Apa anafanana kwambiri ndi a Yumba. Kusiyana kwake n'kwakuti a Yumba anali pa wailesi ya dziko lonse, pamene Gogo Breeze anali pa wailesi ya cigawo, imene iyenera kupeza ndalama zake mwa malonda ndi zilengezo. Munthu wa ku Mongu kapena ku Solwezi angathe kukhala wosawadziwa. Koma potsata muyeso wa zimene omvetsera anacita atamva mau, malo ao ali pamodzi ndi a Yumba ndi a Chongo, pamwamba pa ambiri amene nkhope zao zimaoneka pa kanema.

N'cocititsa cidwi kuti atatuwa analembedwa m'mabuku makamaka ndi akatswiri ocokera kunja. Nkhani za a Chongo zinasonkhanitsidwa ndi a Ernst Wendland, ndipo zina zinasindikizidwa m'buku mu 2004. Makalata ndi mau a Kabusha anafufuzidwa ndi mai Debra Spitulnik a ku Emory University ku America, amene anacita kafukufuku pa ZNBC kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Za Gogo Breeze zili m'buku la a Harri Englund a ku Cambridge la mu 2018. Mau a pa wailesi amapita ndi mphepo ngati palibe wowajambula ndi kuwasunga, ndipo muulutsi amene sanapeze womulemba amatsika pa mndandanda caka ndi caka, pamene omumvera akutha.

Olowa m'malo mwa a Liwewe

Kubwerera ku mpira, funso limene limafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti ndani analowa m'malo mwa a Liwewe. Maina a aulutsi monga a Franklin Tembo Jr ndi a Matimba Nkonje amadziwika kwa otsatira mpira wa m'dziko muno, makamaka kucokera pamene kanema ya SuperSport inayamba kuonetsa masewera a ligi ya Zambia. A Kennedy Gondwe anadziwika ndi nkhani za masewera pa BBC. Koma nchito ya pa kanema ndi ina. Woonera akuona yekha kumene mpira uli, tsono muulutsi amayembekezeredwa kufotokoza cifukwa cake mphunzitsi wasintha wosewera, kapena cifukwa cake oteteza akusiya mpata. Wa pa wailesi ya mau ndiye maso a womvetsera, ndipo akangokhala cete kwa kamphindi masewera aima. Luso laciwirili likupezeka kwambiri tsopano pa mawailesi a m'zigawo, kumene acinyamata amaulutsa masewera a matimu a kwao m'Cinyanja, m'Cibemba kapena mosakaniza ndi Cingelezi, nthawi zina ataimirira m'mbali mwa bwalo ndi lamya ya m'manja yokha.

Mpira waphimbanso masewera ena. Lottie Mwale anatenga lamba wa nkhonya wa Commonwealth mu 1979, Samuel Matete anapambana mpikisano wa dziko lonse wothamanga mamita 400 molumpha zochinga ku Tokyo mu 1991, ndipo Esther Phiri anadzaza mabwalo ndi nkhonya za akazi m'zaka za m'ma 2000, koma palibe muulutsi amene dzina lake linamamatira ku masewera amenewa monga momwe la a Liwewe linamamatirira ku mpira. Ndipo pa maina onse a aulutsi a masewera amene amachulidwa m'mikangano yotere, a akazi ndi osowa, ngakhale kuti m'zaka zaposacedwa timu imene yakweza kwambiri mbendera ya dziko ndi ya akazi.

Timu imeneyo, ya Copper Queens, inapambana masewera ake oyamba pa cikho ca dziko lonse pa 31 July 2023 ku Hamilton m'dziko la New Zealand, pogonjetsa Costa Rica 3 kwa 1 ndi zigoli za Lushomo Mweemba, Barbra Banda ndi Racheal Kundananji. Kuno kunali m'mawa wa Lolemba. Ena anaonera pa kanema kunyumba, ena m'mabala ndi m'malo ometera, ena anatsatira pa Facebook ali m'minibasi kapena ku nchito, ndipo ena anamva pa wailesi ya m'boma lao. Zigoli zitatuzo zinalengezedwa ndi mau ambirimbiri nthawi imodzi, m'zinenero zosiyanasiyana, ndipo anthu akamakumbutsana za tsikulo amachula amene anamwetsa, osati amene anaulutsa.